Don Nicanor ndi Mpando wa Kumanja

Zaka makumi anayi ndi zisanu Don Nicanor Ledesma anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali, ndipo sanagundepo ngakhale galu. Izi sitinachite kufufuza ayi, ankatiuza okha. Ukakumana nawo kogula nyama nkhani inali yomweyo, ndipo pamaliro, akangoona kuti anthu apumira kulira, ankaiyambanso. M'tauni yathu yaing'ono ya ku La Pampa panalibe amene sankadziwa kuti Don Nicanor amaona ng'ombe ili pamsewu anzawo asanauone n'komwe msewuwo. Anali munthu wabwino, sindikukana, koma ankanyadira maso awo ngati anachita kuwaumba okha.

Akazi awo, Doña Ofelia, anali telala wa madiresi a ukwati. Anabadwira kutali kummwera, ku Puerto Deseado, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Anachokako ali ndi zaka makumi awiri, pa basi imene ankayendetsa Nicanor yemweyu, ndipo sanapondekonso. Poyamba chinawagwira ndi ana, kenako ntchito, kenako makolo anamwalira uthenga n'kufika maliro ataikidwa kale. Zaka zonsezo amuna awo ankanena mawu amodzimodzi.

"Ndikadzapuma pantchito ndidzakupititsani ndekha, mwapang'onopang'ono, tizidzaima paliponse pamene mwafuna. Yanu ntchito idzangokhala kukhala kumanja n'kumandithirira tiyi wa mate."

Kwathu kuno chiwongolero chimakhala kumanzere, ndipo woyendetsa galimoto sagwira fulasiki. Wa mpando wa kumanja ndiye amathira madzi otentha m'chikho cha mate, tiyi wathu wowawa uja, n'kupatsira woyendetsa. Iye amayamwa ndi kampope kachitsulo, n'kubweza chikho. Malamulo ake ndi awiri ndipo mwana aliyense amawadziwa. Kampope sagwedeza, amakasiya mmene wothira anakazikira. Ndipo sunena zikomo pokhapokha ukafuna kuti asakupatsenso. Pa lamulo loyambalo Don Nicanor anali wapolisi. Tsiku lina wansembe watsopano atabwera kudzacheza, anayamba kutakasa masamba ndi kampope, ndipo Don Nicanor anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Abambo, imeneyo si giya." Wansembeyo anakhala pakati pathu zaka zisanu ndi chimodzi osalowanso pakhomopo.

Atapuma pantchito anagula galimoto yakale yonyamula buledi kwa mnansi wawo, Don Casimiro Funes, amene anali atatseka bekale yake. Zaka ziwiri anagwira ntchito pabwalo kuisandutsa nyumba. Anaikamo bedi, kabati ya zitseko zosatseguka pa mabampu, mbaula ya gasi ndi thanki ya madzi. Doña Ofelia anasoka makatani a maluwa achikasu. Dzuwa likaiwomba, mkati munkanunkhirabe buledi. Casimiro ndiye anaitcha Kamba, poti inali itasenza nyumba kumsana koma sinkaoneka kufulumira kupita kulikonse. Don Nicanor anauza msewu wonse kuti tsiku lonyamuka aliyense adzatuluke adzaone mmene dalaivala weniweni amatulutsira galimoto pageti.

Tsoka linabwera mu Seputembala, atapita kukakonzetsanso laisensi. Mtsikana woyeza maso anawaimika pa mzere n'kuwauza kuti awerenge zilembo zapakhoma. Mzere woyamba anawerenga. Wachiwiri anachita kulota. Wachitatu panalibe chilichonse, koma banga lotuwa ngati wina wadinda chala chamafuta pagalasi. Bangalo anali ataliona kwa miyezi ingapo, n'kumadziuza kuti ndi kutopa. Dokotala wa mumzinda anawauza mosapsatira kuti pakati pa maso pakutha, magalasi sangathandize. M'mbali aziona ndithu, koma chiwongolero aiwale.

Anabwerera pa basi, atakhala mpando wakumbuyo kwenikweni kuti dalaivala asawazindikire. Atafika kunyumba, Doña Ofelia anafunsa ali pa makina osokera.

"Zatheka, mdala?"

"Zatheka," anayankha, n'kupita kukapukuta Kamba.

Liwu limodzi lokhalo. Akanalibweza madzulo omwewo bwenzi zitathera pomwepo, koma bodza likagona usiku umodzi m'nyumba limadzuka lili ndi mpando wake. Mtsikana woyeza maso uja, Mulungu amudalitse, anasunga pakamwa. Galimoto yawo yaing'ono anasiya kuyendetsa, ati kuyenda pansi n'kwabwino ku mtima. Inkayendetsedwa ndi Doña Ofelia, amene anaphunzira chiwongolero ali mtsikana pa famu ya nkhosa kumene bambo awo ankagwira ntchito, ndipo zaka zonse ankaperekera madiresi m'matauni oyandikana nawo. Amuna awo ankawaseka kuti amayendetsa ngati anyamula mazira pamutu.

Kuyambira pamenepo kukonzekera ulendo kunasanduka pobisalira. Ulendo wa kummwera umafuna chilimwe, kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, kukayamba kuzizira basi khomo latsekeka. Novembala atakwana, Don Nicanor anati pakufunika tayala lapadera lachiwiri. Tayala litapezeka, anati pagalasi lakutsogolo pakufunika waya wotchinga miyala. Mu Disembala anati misewu yadzaza ndi a tchuthi oyendetsa ngati amisala. Mu Januwale anamasula mpope wa madzi umene unalibe vuto lililonse, n'kuumwaza zidutswazidutswa panyuzipepala. Zonsezi ankazichita ndi nkhope ya munthu wosamala, koma mkati manyazi ankawadya. Ankati akamva akazi awo akupinda zovala zaubweya n'kuziika m'kabati ya Kamba, kenako n'kuzitulutsanso kuti zisagwire fungo, ankasiya chakudya m'mbale n'kutuluka panja.

Madzulo alionse nthawi ya faifi atatuwa ankakhala mkati mwa Kamba, zitseko zili pululu, mapu atayalidwa patebulo. Doña Ofelia ankathira mate, chikho n'kumazungulira.

"Aise Nicanor," ankatero Casimiro, "Kamba ameneyu adzaikira mazira pabwalo pompano. Ine ndinkamuyendetsa tsiku lililonse alibe n'katani yomwe."

"Iwe ukudziwa chiyani za msewu? Ulendo wako wautali unali wochokera ku uvuni kukafika pakauntala."

"Koma ndinkafika."

"Kummwera si kwa masewera. Kuli mphepo yoti imakuchotsera chitseko m'manja. Munthu umayenera kuwerengera zonse."

"Werengera, m'bale wanga. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Doña Ofelia ankangothira, kupatsira, kulandira, maso ali pa manja a anthu monga amachitira wothira aliyense.

Linali Lachinayi loyamba la Febuluwale, kukutentha koti ngakhale agalu anasiya kuuwa, pamene Don Nicanor anaganiza zothetsa nkhaniyo kwa chaka chonse. Anakonza kukhosi.

"Ndaganiza bwino. Chaka chino tachedwa. Mpope uja sindikuukhulupirira, ndipo tikanyamuka pano chisanu chikatipeza m'njira. Tidikire Novembala." Kenako anawonjeza umboni. Anaika chala pamapu mwamphamvu. "Taonani. Kuchokera apa mpaka apa palibe pomwetsa mafuta. Munthu ukangolakwitsa pang'ono, wagona m'tchire."

Casimiro anaweramira pamapu, kenako anaphulika n'kuseka.

"Apo ndiye wanena zoona, palibedi pomwetsa mafuta. Pali anamgumi okhaokha! Aise, chala chako chili pakati pa nyanja. Kodi Kamba wako ndi wam'madzi?"

Don Nicanor anapendeketsa mutu kuti aone ndi m'mbali mwa diso. Chala chinalidi pa buluu, kutali ndi mtunda. Anamva makutu akutentha. Casimiro anasekabe pang'ono, kenako anaona kuti Doña Ofelia sakuseka, ndipo amuna awo azyolika ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. Anayamwa chikho chake msangamsanga, nati zikomo, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti sanathirire tomato.

Atatsala awiri, Doña Ofelia anakankhira fulasiki ndi chikho kwa amuna awo.

"Lero muthire ndinu."

Pa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati wawo, Don Nicanor anali asanathirirepo akazi awo mate. Ananyamula fulasiki, n'kuloza pamene ankaganiza kuti pali kamwa la chikho. Madzi ena analowa, ena anayenderera pa zala mpaka pamapu, n'kunyowetsa chigawo chonse cha kummwera. Anapereka chikhocho. Doña Ofelia anayamwa mosafulumira mpaka kampope kanalira, n'kubweza.

"Zikomo."

"Chikho chimodzi chokha?"

"Ndati zikomo, Nicanor. Ndakwana. Lolemba ndikwera basi, ndikaone manda a mayi anga ndisanawatsatire."

Akanawatukwana bwenzi zili bwino. Koma basi! Mkazi wa Nicanor Ledesma kupita kwawo pa basi ya munthu wina, nyumba ya matayala ili pabwalo ndi makatani ake. Anayang'ana nkhope ya akazi awo, ndipo pamene panayenera kukhala nkhopeyo panali banga lija. Ankangoona tsitsi la imvi m'mbali ndi makatani achikasu.

"Ofelia," anatero, mawu akutuluka mokakamiza, "laisensi ija sanandipatse. Maso anga akutha. Ndinakunamizani."

"Ndikudziwa."

"Anakuuzani ndani? Mtsikana uja?"

"Munandiuza ndinu, mu Okutobala. Ndinakupatsani chikho, ndipo ndinakuonani mukufufuza kampope ndi zala, n'kukatembenuzira kukamwa kwanu. Inu, amene munathamangitsa wansembe. Tsiku limenelo ndinakalirira kubafa. Kuyambira pamenepo ndimakupatsani chikho kampope kataloza kale pamlomo panu, kuti Casimiro asaone. Simunadabwe?"

Sanadabwe. Miyezi inayi ankadziona wochenjera, osadziwa kuti bodza lawo likuyenda chifukwa wina akulinyamula.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Maso ndi anu, mdala. Ine ndimadikira ndione ngati pakhomo pano ndine mkazi wanu kapena pasinjala. Pasinjala sauzidwa kuti basi yafa. Amangouzidwa kuti tidikire pang'ono, tinyamuka posachedwa."

Don Nicanor anasowa poyang'ana. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta mapu, pepala n'kumanyenyeka.

"Ndiye tikanapita bwanji? Ine sindingayendetse."

"Kamba ali ndi mipando iwiri."

"Inu? Makilomita onsewo? Nanga anthu adzati chiyani?"

Mawuwo atangotuluka anafuna kuwameza, koma anali atapita. Doña Ofelia anaimirira, n'kusasa siketi yawo.

"Ndi zimenezotu. Maso sindikukudandaulirani, aliyense amakalamba. Chikundiwawa n'chakuti munasankha kuti ine ndife osaonanso kwathu, kusiyana n'kuti Casimiro akuoneni mutakhala kumanja."

Anatsika, n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa makina osokera anayamba kulira.

Lachisanu lonse Don Nicanor anakhala pansi pa Kamba, ati akubwezeretsa mpope. Anaumangadi, ndi zala zokha, poti manja ankaidziwa ntchitoyo kuposa maso. Koma chenicheni n'chakuti pansi pa galimoto ndi pokhapo pamene munthu sakanawaona nkhope. Anakumbukira mausiku a Khirisimasi amene akazi awo anadya okha ndi ana iwo ali pamsewu, ndi madiresi onse amene anafika ku maukwati opanda khwinya, pa nthawi yake, m'misewu yafumbi. Mkazi wonyamula mazira uja sanaswepo ngakhale limodzi. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo iwo anaona kuti awo atsala pang'ono kupha munthu wina, wosalakwa.

Loweruka m'mawa anaika makiyi a Kamba pambali pa kapu ya akazi awo.

"Giya yachiwiri imalimba," anatero, akuyang'ana pansi. "Muziyamba mwaponda kilachi kawiri."

Doña Ofelia anatenga makiyiwo n'kuwaika m'thumba la epuloni.

"Tinyamuke m'bandakucha," anapitiriza Don Nicanor, "kusanatenthe."

"Kusanatenthe kapena anthu asanadzuke? Zaka ziwiri mwakhala mukuitana msewu wonse kuti udzatitsanzike. Tinyamuka Lolemba teni koloko."

Masiku awiri otsalawo anakonzekera zenizeni, ndipo zinawadabwitsa kuti zinali zochepa bwanji. Mafuta, madzi, gasi, mabulangete, masamba a mate okwanira mwezi, ndi mapu atsopano. Ulendo umene unakanika miyezi isanu unalongedzedwa Loweruka ndi Lamulungu.

Lolemba msewu wonse unatulukadi. Ena anabwera ndi mipando. Casimiro anafika ndi thumba la buledi wotentha amene anadzuka kuphika mu uvuni wake wakale. Don Nicanor anatuluka m'nyumba atavala malaya oyera, fulasiki ili kukhwapa. Mapazi anawatengera okha ku chitseko cha kumanzere, monga anachitira moyo wawo wonse. Anaima. Kenako anayamba kuzungulira kutsogolo kwa galimoto. Ndi masitepe asanu ndi awiri okha, koma ine amene ndinalipo ndikuti sindinaonepo munthu akuyenda ulendo wautali chotero. Khosi linali litafiira mpaka m'makutu.

"Aise, walakwitsa khomo!" anakuwa Casimiro, anthu n'kuseka.

Don Nicanor anagwira chitseko cha kumanja. Akanatha kunena kuti bondo likuwawa, ndipo tikanavomera. Anatembenuka, n'kuyang'ana cha pamene panali mawu a mnzawoyo.

"Sindinalakwitse, Casimiro. Maso anatha. Laisensi anandikaniza mu Seputembala. Za tayala, za waya, za mpope, zonse zija linali bodza. Ndinakunamizani nonse, kuyambira mayi awa."

Mayi wina anayamba kukonza mpango wake umene unali bwinobwino. Casimiro anayandikira, n'kuwaika thumba la buledi pachifuwa mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira.

"N'chifukwa chake masiku ano umandipatsa moni ngati ndine wokongola," anatero, mawu atasasa pang'ono. "Kwera, chitsiru iwe. Mwina tsopano mukafika."

Doña Ofelia analiza injini. Kamba anatuluka pageti chambuyo, osakhudza nsanamira, ndipo Don Nicanor, amene anali atatsegula kale pakamwa kuti alangize, anatseka.

Tauni inatha, kunayamba minda ya mpendadzuwa. Kutsogolo kwa msewu iwo sankaonako bwino, koma m'mbali chikasu chonse chinkadutsa, ndi mipanda, ndi ng'ombe. Chiyambire Lachinayi lija akazi awo anali asanalandire mate m'manja mwa munthu aliyense, ndipo zikomo uja anali adakali pakati pawo ngati katundu wosamangidwa.

Anaika chikho pakati pa mawondo. Anathiramo masamba, n'kuzika kampope. Anapanira chala pamlomo pa chikho kuti amve madzi akafika, n'kupendeketsa fulasiki pang'onopang'ono. Madzi anawawotcha chala, koma sanataye ngakhale dontho. Anatambasula dzanja kumanzere.

Doña Ofelia analandira maso ali pamsewu. Anayamwa mpaka kampope kanalira, n'kubweza chikho. Don Nicanor anachigwira ndi manja awiri, akudikira liwu lija.

Anadutsa mlatho, kenako chikwangwani chimene iwo sanathe kuwerenga.

"Mwathira madzi ambiri, mdala," anatero Doña Ofelia, akuponda kawiri kuti asinthe giya. "Thiraninso. Muphunzira, msewu ndi wautali."